Mmene ndinapezera mpata wophunzitsa architecture kuno ku Joni

Uthenga unandipeza ndili mu takisi yochoka pa Bree kupita ku Brixton kumene ndimakhala. Anatumiza ndi mayi amene anandiyang'anira pa kafukufuku wanga wa masitazi. Anati sukulu ina ya architecture, luso lojambula mapulani a nyumba, muno mu Johannesburg ikufuna anthu oti azithandiza ophunzira a chaka chachiwiri mu studio, kalasi imene amaphunziramo kujambula mapulani, masiku awiri pa sabata, kwa semesita imodzi. Ankafuna CV, mapepala a sukulu, nambala ya SACAP (bungwe loyang'anira ntchito yathu kuno) ndi zojambula za ntchito zimene munthu anagwirapo. Kunali kutatsala masabata atatu kuti atseke.

Usiku umenewo sindinalembe kanthu. Ndinatsegula laputopu n'kuyamba kuwerenga mbiri za aphunzitsi a ku Wits ndi ku UJ, mayunivesite awiri a muno mu Johannesburg, mmodzimmodzi, chifukwa ndinkafuna kudziwa kuti munthu amene amaloledwa kuima pamaso pa ana a eni ake n'kunena kuti "khoma ili ligwa" amakhala atayenda njira yanji. Aliyense wofuna ntchitoyi ayambire pomwepo. Mbirizi zili poyera pa intaneti, ndipo ukawerenga zingapo umaona kuti aphunzitsiwa si a mtundu umodzi. Alipo amene moyo wawo wonse uli pa yunivesite: masitazi, PhD, kafukufuku wosindikizidwa, ophunzira amene anawayang'anira. Amenewa ndiwo kawirikawiri amaphunzitsa mbiri ya zomangamanga ndi kakulidwe ka mizinda. Alipo ena amene ali ndi maofesi awo m'tauni, amabwera kawiri pa sabata nsapato zili fumbi lokhalokha la pa saiti, akaweruka n'kubwerera kukalimbana ndi kontilakita. Ndiye pali ochepa amene anagwira mbali zonse ziwiri, ndipo amenewo ndiwo mayina awo sachoka pakamwa pa anthu.

Mmodzi ndi Pancho Guedes. Anabadwira ku Lisbon mu 1925, anakulira ku Mozambique, anaphunzira ku Wits, kenako n'kubwerera ku Lourenço Marques, mzinda umene lero timautcha Maputo, kumene anajambula nyumba mazanamazana. Kuyambira 1975 mpaka 1990 ndiye anali mkulu wa sukulu ya architecture ya ku Wits. Pofika m'kalasi anali atamanga kale nyumba zambiri mumzinda uja, ndipo wophunzira sakanamuuza kuti zimenezi n'za m'mabuku chabe. Wina ndi Peter Rich, amene anaphunzitsa ku Wits komweko zaka zambiri, koma maphunziro ake enieni anawatola m'midzi ya Amandebele, akuyeza makomo ndi mabwalo ndi tepi n'kujambula pamanja. Nyumba imene anajambula ku Mapungubwe, kumpoto kwa South Africa, inapambana mphotho ya World Building of the Year mu 2009, ndipo denga lake ndi la timatailosi ta dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, topangidwa pamanja ndi anthu a m'deralo. Nditawerenga zimenezi ndinaganiza za zidina za kwathu.

Wachitatu, amene njira yake inali ina, ndi Lesley Lokko, mayi amene bambo ake ndi a ku Ghana, mayi ake a ku Scotland. Anaphunzira pa sukulu ya architecture ya Bartlett ku London, anatenga PhD mu 2007, amalembanso mabuku a nkhani zopeka. Iyeyu ndiye anayambitsa Graduate School of Architecture pa UJ, mu 2023 anatsogolera chionetsero chachikulu cha architecture ku Venice, ndipo mu 2024 analandira mendulo yagolide ya RIBA, bungwe la akatswiri a architecture la ku Britain. Mbiri yake yadzaza ndi kuphunzitsa ndi kulemba, osati nyumba zomangidwa. Zimenezi zinandikhazika mtima pansi: khomo lolowera si limodzi, koma lililonse limafuna umboni wogwirika.

Ndiye ndinayala mapepala anga pamphasa, monga mmene mayi anga amayalira mphale padzuwa, kuti ndione chimene ndili nacho.

Digiri yoyamba ndinaitenga ku Poly, pa Ginnery Corner ku Blantyre. Satifiketi yanga yalembedwa University of Malawi, pomwe sukuluyo kuyambira 2021 inaima payokha ndipo ikutchedwa MUBAS. Munthu wa kuno akafufuza dzina la Polytechnic pa intaneti akhoza kusokonezeka, choncho mu CV ndinalemba mayina onse awiri ndi chiganizo chimodzi chofotokoza kusinthako. Koma pepala limene limalankhula m'malo mwa digiri ya kunja ndi la SAQA. Bungweli limaunika maphunziro amene munthu anachita kunja kwa South Africa n'kunena mlingo wake pa makwerero a maphunziro otchedwa NQF, amene digiri yoyamba ya zaka zitatu ili pa 7, Honours pa 8, masitazi pa 9, PhD pa 10. Ine ndinali nalo kale kuyambira nthawi imene ndinkafunsira malo a Honours. Amene mulibe, ichi ndicho choyamba kuthamangira, chifukwa SAQA imatsimikiza kaye ndi sukulu imene inakupatsani pepalalo, ndipo zimenezi sizitheka m'masabata atatu. Mumalembetsa pa intaneti, mumalipira, mumatumiza satifiketi pamodzi ndi pepala la magiredi a zaka zonse. Muonetsetse kuti dzina la pa pasipoti ndi la pa satifiketi zikufanana chilembo ndi chilembo. Ambirife tili ndi mayina atatu, ndipo penapake limodzi limasowa. Zikatero pamafunika kalata yolumbira. Makope ndinakadinditsa ku polisi, kumene sulipira kanthu, ndipo ndinadinditsa atsopano chifukwa maofesi ambiri safuna chidindo chakale.

Chachiwiri ndi SACAP, bungwe loyang'anira ntchito yathu, lokhazikitsidwa ndi lamulo nambala 44 la chaka cha 2000. Kuno sungadzitche architect usanalembetse kumeneko, ngakhale masitazi uli nayo m'manja. Ukamaliza sukulu umayamba ngati candidate, pansi pa katswiri wolembetsedwa amene amakuyang'anira. Umagwira ntchito miyezi yosachepera 24, mwezi uliwonse ukutumiza lipoti la zimene wachita, iye n'kuvomereza. Kenako umalemba mayeso a PPE, amene safunsa luso lako lojambula ayi, amafunsa malamulo, makontilakiti a zomangamanga monga a JBCC, ndi khalidwe loyenera pa ntchito. Ndinalemba ndikugwira ntchito mu ofesi ina yaing'ono, ndikuwerenga usiku. Malipoti a mwezi ndi mwezi aja musamawaunjike. Ndinaona anzanga akuvutika kukumbukira zimene anachita chaka chatha, nthawi yawo n'kutalika popanda chifukwa.

Kodi sukulu imafuniranji nambalayi kwa munthu wongophunzitsa? Chifukwa SACAP yomweyo ndi imene imayendera sukulu za architecture n'kuvomereza madigiri ake, ndipo alendowo akabwera amaonanso kuti akuphunzitsa ndani. Sikuti mphunzitsi aliyense ayenera kukhala wolembetsedwa. Wa mbiri kapena wa kafukufuku PhD yake imamuyankhulira. Koma kwa ine, wobwera ndi dzina la munthu wa pa saiti, nambalayo ndiyo inali mboni yanga.

Za pemiti ndingonena mwachidule. Ya sukulu imalola kugwira ntchito maola osapitirira 20 pa sabata, ndipo ndi mmene ndinathandizirako ana a chaka choyamba ndili pa masitazi. Mapemiti ena a ntchito amatchula dzina la bwana mmodzi. Werengani zimene zalembedwa pa yanu musanasaine kwina.

Pamene panavuta ndi pa CV. Ndinalemba masamba awiri audongo: Poly, Honours, masitazi, ofesi ya ku Lilongwe, ofesi ya kuno. Ndinapita nayo kwa mayi aja anandiyang'anira pa masitazi. Anaiwerenga mwakachetechete, kenako anafunsa kuti, "Nanga zija munandiuza za njerwa zili pati?"

Zimene ankanenazo ndi izi. Kuyambira ndili Fomu 2 mpaka kumaliza Poly, holide iliyonse ndinkagwira ntchito ndi amalume anga, mmisiri womanga nyumba, ku Ndirande ndi ku Chilomoni. Ndinaponda dothi, ndinaumba njerwa ndi chikombole, ndinapanga nawo uvuni n'kuchezera moto usiku. Ndinaphunzira kukoka chingwe, kugwira mpeni ndi levulo, kuona ndi maso kuti matope achepa madzi. Sindinazilembe chifukwa ndinkaziona ngati ganyu, zosayenera kukhala tsamba limodzi ndi digiri. Mayiwo anandiuza kuti mwa ofunsira onse, odziwa mapulogalamu a pakompyuta ojambulira nyumba monga Revit ndi Rhino adzakhala ambiri, koma amene anamangapo khoma ndi manja ake adzakhala wowerengeka. Anati ndizilembe monga ntchito ina iliyonse: zaka zake, malo ake, nyumba zingati, mbali yanga inali iti.

Amalumewo tsopano ali konkuno, amakhala ku Rosettenville ndipo akumangabe. Lamlungu ndinapita kukawaona titaweruka ku tchalitchi, ndinatenga kope.

"Amalume, ndikufuna tiwerenge nyumba zimene tinamanga limodzi."

"Za chiyani, mphwanga? Eni ake akudandaula?"

"Iyayi, ndikufunsira ntchito yophunzitsa ku yunivesite. Akufuna kudziwa kumene ndinaphunzira."

Anakhala chete pang'ono, n'kuika kapu ya tiyi pansi. Kenako anayamba kutchula, kuyambira ya mayi wogulitsa makala kumtunda kwa msika, imene maziko ake tinakumba kawiri chifukwa tinapeza thanthwe. Ankakumbukira chilichonse, kuchuluka kwa malata, kumene tinagula mchenga, khoma limene ndinapotoza iwo n'kundigwetsetsa kuti ndiyambirenso. Tinapeza nyumba zisanu ndi ziwiri. Zithunzi tinalibe, choncho ndinajambula pamanja mapulani a ziwiri monga mmene tinkazikumbukira, iwo akundikonza: khonde linali lotambalala kuposa apo, zenera la kuchipinda linali laling'ono. Mapepala awiri amenewo ndinawaika koyambirira kwa portfolio, mpukutu wa zojambula za ntchito zanga, patsogolo pa zojambula za pakompyuta za nyumba zosanja za ku ofesi. Pa ntchito za ku ofesizo ndinapempha kaye chilolezo kwa abwana, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse ndinalemba mbali imene ndinagwira ineyo. Nyumba sajambula munthu mmodzi, ndipo ofunsa mafunso amadziwana ndi maofesi onse a m'tauni muno.

Anandiitana patatha masabata awiri. M'chipindamo munali anthu atatu. Mafunso oyamba anali a mapepala, ndipo anatha msanga. Kenako anabweretsa kanyumba ka makatoni kopangidwa ndi wophunzira wa chaka chatha, n'kunena kuti ndiyankhule ngati mwini wake ali pomwepo. Kanali kokongola, denga lafulati, galasi lalikulu loyang'ana kumadzulo. Ndinati ndingayambe ndi kumufunsa kuti mvula ikagwa madzi apita kuti, chifukwa mvula ya kuno imabwera masana ndi mabingu, nthawi zina ndi matalala otseka mipopi ya padenga. Kenako ndingamufunse za dzuwa. Johannesburg ili kumwera kwa Tropic of Capricorn, kotero dzuwa la masana limakhala chakumpoto chaka chonse, ndipo zenera la kumpoto lokhala ndi kadenga kotulukira limalowetsa dzuwa mu June n'kulitchinga mu December. Galasi la kumadzulo limangowotcha chipinda madzulo. Ndinawauzanso kuti ku Blantyre n'kosiyana, dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pachaka ndipo mu December limapendekera kumwera, n'chifukwa chake khonde lozungulira nyumba yonse lili ndi nzeru, limateteza khoma ku dzuwa ndi ku mvula yomwe. Malamulo a kamangidwe ka nyumba a SANS 10400 ndinawatchula pomaliza, chifukwa mwana akamvetsa dzuwa ndi madzi, lamulo silimuvutanso.

Mmodzi anafunsa ngati ndikuganiza za PhD. Funsoli muliyembekezere. Zotsatsa ntchito zimene ndawerenga zimafuna masitazi kwa mphunzitsi wokhazikika, ndipo kukwera kupitirira apo kumadalira PhD ndi kafukufuku wosindikizidwa. Ndinayankha zoona, kuti mtima wanga uli pa nyumba za m'mapiri a Blantyre. Chimphepo cha Freddy chitagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe mu March 2023, nyumba zimene zinapita zinali zofanana ndi zimene ndinamanga ndi amalume, ndipo ndikufuna kumvetsa chimene mmisiri wamba angasinthe ndi ndalama zimene mwini nyumba ali nazo.

Kalata inabwera Lachisanu. Ndi kontilakiti ya semesita imodzi, malipiro ake ndi a pa ola, ndipo ikatha palibe lonjezo lililonse. Anafuna nambala ya msonkho ya SARS, kalata ya ku banki ndi kope la pemiti. Ntchito ya ku ofesi sindinasiye, tinagwirizana ndi abwana kuti masiku awiriwo ndizibweza Loweruka.

Tsiku loyamba ndinanyamula chikombole chimene amalume anandikhomera ndi matabwa otsala pa saiti, pamodzi ndi njerwa imodzi ya kuno, ya mamilimita 222 m'litali, 106 m'lifupi ndi 73 msinkhu. Ndinaziika patebulo ndipo ophunzira anayamba kupatsirana. Mtsikana wina analowetsa njerwayo m'chikombole, n'kuona kuti ikugwedera, mbali zonse kwatsala mpata.

"Aphunzitsi, bokosili analakwitsa muyezo?"

Ndinamuuza kuti ayi, dothi limanyala likamauma, n'kunyalanso likapsa mu uvuni, ndiye woumba amakulitsa chikombole dala, ndipo kukula kwake kumadalira dothi la pamalopo. Anatenga rula n'kuyamba kuyeza mpatawo, anzake atatu atamuzungulira.