Loweruka, kumaliro kwathu ku Dedza

Lero taika m'manda amalume awo a mayi anga. Ndinakwera minibasi ku Lilongwe kusanayere bwino, n'kutsikira pa Chimbiya, pamene ndinatenga kabaza ya njinga yamoto. Kunja kwauma gwaa, chizimalupsa sichinagwe n'komwe, ndipo ndinafika duku litasanduka lofiira ndi fumbi. Titayandikira mudzi tinapeza nthambi zaziwisi atazigoneka chopingasa msewu. Mnyamata wa kabaza uja, amene njira yonse amathamanga ngati akuthawa ngongole, anazimitsa injini osauzidwa. "Mayi, apa titsike. Anyamata akuno sachedwa kulanda makiyi." Anavula chipewa n'kumakankha njinga yake mpaka titadutsa nthambi za mbali inayo. Panalibe chikwangwani kapena wapolisi, masamba okha basi, koma ngakhale lole ya mchenga imene imatilondola inabweza moto.

Nditalowa m'siwa n'kupepesa anamfedwa, ndinatuluka kukakhala ndi amayi amene amaluka nkhata pansi pa mtengo wa mango. Amayi a Chigwirizano anali mkati akuimba, ife kunja kuno tikupinda timitengo tofewa, kumanga ndi luzi, n'kumasomekamo maluwa. Atsikana anali atawatuma mamawa kukathyola bougainvillea ku mpanda wa kutchalitchi, ndipo anabwera nayo yodzaza lichero, manja atalasidwa ndi minga. Mwezi wa Okutobala uno ndi duwa lokhalo limene sililephera. Dzuwa likamaswa mtengo m'pamene ilo limawala. Wachibale wina wochokera ku Blantyre anabweretsa nkhata yogula, ya maluwa apulasitiki, yokutidwa m'pepala lowala ndi kakhadi pamwamba. Anaiika payokha, pa mpando.

Agogo anga, amene maso ayamba kuchita chidima koma pakamwa pakadali pakuthwa, anakhala pa mphasa akutiyang'ana. Ndinawafunsa ngati nawonso ankaluka nkhata pa utsikana wawo. Anaseka.

"Ife? Maluwa pa maliro? Munthu ankamukulunga mu mphasa, adzukulu n'kumunyamula, basi. Izi zinabwera ndi a mishoni ndi inu a m'tauni. Duwa ndi la njuchi, mwana iwe. Unamvapo kuti munthu wachira ndi duwa?"

Mawu amenewa andikhala m'mutu tsiku lonse, chifukwa ndikawerenga zomera zimene ndinakula ndikumva kuti zili ndi mphamvu, zonse ndi mizu, makungwa, masamba, njere, zipatso kapena utomoni. Gondolosi amene anyamata amagulitsa pa mawindo a mabasi, abambo n'kumagula mobisa, ndi muzu. Mafuta a nsatsi odzoza anamwali amachokera ku njere. Mvunguti, umene anyamata ankati ukautema mphini n'kuiwala kudula chipatsocho pa nthawi yake udzalira nazo, ndi chipatso. Duwa limene amayi athu ankalisamala ndi chiluwe cha dzungu, ndipo ankalisamala kuti likalowe mu mphika pamodzi ndi nsinjiro. Duwa lofiira la pa 14 Febuluwale ndi mlendo. Chimodzimodzinso duwa la popi limene timaliona pa majekete a akuluakulu mwezi wa Novembala, pokumbukira asilikali pa chipilala cha ku Zomba: nkhani yake inachokera ku minda ya Flanders, ku Ulaya, kumene kunali nkhondo yoyamba ya dziko lonse imene inatha pa 11 Novembala 1918. Ngakhale bougainvillea amene lero waoneka ngati mwini maliro, kwawo ndi ku South America.

Mwambo wa mapemphero unatenga nthawi, monga mwa masiku onse. Dzuwa litapendeka tinanyamuka ulendo wa kumanda.

Aliyense amene anayendapo m'chigawo chapakati amadziwa kuti ukaona kankhalango kobiriwira pakati pa minda yoyera mbee, pamenepo ndi pamanda. Mitengo yachilengedwe inatha kalekale ndi nkhuni, makala ndi zigafa za fodya, koma ya kumanda palibe amene amaigwira, ngakhale nthambi youma yogwa yokha. Manda athu anazunguliridwa ndi nkhadze. Azakhali amati nkhadze imatchinga afiti ndi afisi awo kuti asafukule maliro. Amalume anga ine, amene anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi, amati anthu akale anangoona kuti nkhadze ukazika nthambi imagwira, chilala sichiipha, ndipo utomoni wake umaopsa ana ndi ziweto. Awiriwa akhala akutsutsana za nkhadze chibadwire changa, ndipo lero anayambanso chonong'ona m'busa ali pakati pa pemphero. Pamene amagwirizana ndi pa utomoniwo: ukalowa m'maso, umaona nyenyezi masana. Kale ankathamangira kwa mayi woyamwitsa kuti akufinyire mkaka m'diso. Msuweni wanga, amene ndi namwino, amati tsukani ndi madzi ambiri ndipo pitani kuchipatala.

Ndi msuweni yemweyo amene anandikodola n'kundionetsa timaluwa tapinki ndi toyera timene tamera pa mitumbira yakale, tija timamera tokha m'mbali mwa nyumba popanda wotithirira. Anati kachomera kameneka, kochokera ku Madagascar, ndi kamene amapangira vincristine, mankhwala amene amapatsa ana odwala khansa, ngakhale ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Ndinati ndiye agogo aluza mlandu, duwa lachiritsa munthu. Iye anapukusa mutu. "Amatenga m'masamba, osati m'duwa. Ndipo usakauze azakhali, angakawiritse. N'ka poizoni."

Adzukulu atakwirira n'kuumba mtumbira, woyendetsa mwambo anayamba kuitana oyala nkhata: amasiye, ana, mbumba, amfumu, a mpingo, kenaka oimira aphungu. Apa m'pamene maluwa amagwira ntchito yake yeniyeni masiku ano, yoonetsa kuti wamkulu ndani ndipo wotsatira ndani. Mayi wina anaitanidwa mochedwa ndipo nkhope yake inanena zonse. Nkhata yapulasitiki ija anaiika pakati penipeni. Zathu zija pofika Lolemba zidzakhala zitafota, mbuzi n'kumalizitsa.

Pobwerera, pa njira yolowera kumudzi, panali ndowa ya madzi obiriwirira, momwe anasinjiramo masamba ndi timizu. Aliyense wochokera kumanda amayenera kusamba m'manja, ena mpaka kumaso ndi kumapazi, kuti asalowe ndi imfa m'nyumba. Ndinafunsa gogo wamwamuna amene amayang'anira ndowayo kuti muli mtengo wanji. Anandiyang'ana kuyambira ku duku mpaka ku nsapato n'kunena kuti, "Sambani, mayi, anthu akudikira." Mankhwala otere satchulidwa pagulu; amati ukautchula mtengo, mphamvu yake imathawa. Chimene chasintha n'chakuti kale tonse tinkaviika manja m'beseni limodzi. Chichokereni kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mnyamata amaima ndi kapu n'kumathirira munthu mmodzimmodzi, ndipo pambali pake pali sopo. Ndinaona akulu a mpingo ena akulambalala ndowa ija maso ali kumwamba. Ena anasamba msangamsanga, ngati kuti akungochotsa fumbi.

Kuseri kwa nyumba, tikudya nsima ya nyemba, nkhani inatembenuka. Malemuwa anadwala miyezi yambiri, ndipo chipatala chinanena poyera kuti ndi impso. Komabe panapezeka wina woti, "Imfa imeneyi si yabwino." Maso angapo anapita kwa gogo wina wamasiye amene amakhala yekha kumapeto kwa mudzi. Agogo anga ndi amene anadula nkhaniyo. Anati amayi awo ankawasimbira za mwabvi, khungwa la mtengo limene ankasinja n'kumwetsa woganiziridwa ufiti: ukasanza ndiye kuti ulibe mlandu, ukafa ndiye kuti unali mfiti. Nthawi zina ankamwetsa nkhuku m'malo mwa munthu. "Ndiye ankafa ndi afiti okha? Ankafa ndi amene wosinja sankawafuna." Panakhala bata. Lamulo loletsa mwabvi ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti linakhazikitsidwa mu 1911, nthawi ya atsamunda, ndipo likadalipo, koma pa mphasa ya maliro chimene chinagwira ntchito lero ndi pakamwa pa agogo.

Mkangano umene sunathe ndi wa mlamu wanga wamng'ono, amene ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Sanapite kumanda, poti woyembekezera amamuletsa. Namwino uja anamupeza m'khitchini azakhali akumupatsa kamtolo ka mizu komanga m'kansalu, ndipo sanafunse kawiri.

"Azakhali, mwanamphepo ameneyo?"

"Ndi wongofewetsa njira. Inu nonse munabadwa ndi ameneyu."

"Amene sanabadwe naye bwino sali pano kuti ayankhe."

Anafotokoza, mawu akunjenjemera, kuti mankhwalawa amalimbitsa matenda a uchembere mopyola muyeso, chiberekero n'kumakoka njira isanatseguke, mpaka kung'ambika. Anati amawalandira amayi otere usiku, atatha magazi, ndipo akawafunsa amakana kuti sanamwe kanthu. Boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, koma kamtolo kamalowabe m'chikwama cha wodikirira, pansi pa zitenje. Azakhali anakwiya. Anati ana a sukulu mumanyoza zonse, chonsecho LA amene mumapereka wa malungo munanena nokha kuti anachokera ku chitsamba cha ku China. Apa sananame: mankhwala a artemisinin anachokeradi ku chitsamba, ndipo mayi amene anatsogolera ntchitoyo, Tu Youyou, analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma LA ali ndi muyeso wake, wa mwana ndi wa wamkulu, pamene mwanamphepo muyeso wake ndi dzanja la amene watapa. Ine pa nkhani iyi ndili mbali ya namwino, ndipo ndinanena. Mphinjiri imene amanga m'chiuno mwa khanda la mchemwali wanga sindilimbana nayo, bola mwanayo akupita ku sikelo ndi kukabayitsa katemera. Zomwetsa munthu wapakati ndi nkhani ina.

Mlamu wanga sanayankhe kanthu, anangoti zyolii. Kamtolo kaja sindinaone kumene kanapita. Namwino wati amutenga Lachitatu akakhale kwa iye ku boma mpaka atachira, ndipo achimwene avomera. Azakhali sanatilankhulenso mpaka madzulo.

Kutada, udzudzu unayamba, ndipo anyamata anathyola mpungabwi kuseri kwa khola n'kuuponya pa makala. Fungo lake ndi la kwathu kwenikweni, ndipo udzudzu unachepadi, ngakhale ine ndapachika neti yanga. Abambo ali pa moto panja akukambirana za mawa, tsiku lometa ndi kusesa. Amalume aloza mitengo ya mango, imene chaka chino yabereka mpaka nthambi kuwerama, n'kunena kuti mango akachuluka chonchi ndiye kuti kukubwera njala. Aphunzitsi ena awatsutsa kuti chaka china mango anachuluka ndipo anthu anakolola bwino lomwe. Amalume sanasinthe maganizo. Andiuza kuti ndikalandira malipiro a mwezi uno nditumize ya matumba awiri a chimanga asanakwere mtengo, ndipo ndavomera.