Kapusi ka pa tcheni kaja si kanu

Anthu ambiri kuno ku Chipata amaona ngati nyama ukaigula ndi ndalama zako ndiye kuti ndi yako basi, monga mbuzi ya pa msika. Ayi ndithu. Lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015 limati nyama zakuthengo zonse m'dziko muno zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko lonse, kaya zili mu South Luangwa kaya zalowa m'munda mwanu ku Katete. Ndiye kuti usunge pusi, nyani, fulu, nsato olo kamwana ka ng'ona pakhomo pamafunika pepala la chilolezo la ba DNPW, dipatimenti ya boma yoyang'anira nyama zakuthengo, omwe tonse timangowatchabe ba ZAWA ngakhale dzina linasintha mu 2016.

Ine nkhani yanga kwenikweni ndi apusi, chifukwa ndi amene ndimawaona m'makomboni. Aneba athu ena anabwera ndi kapusi kuchokera cha ku Mambwe, kakang'ono zedi, kamangokakamira pa malaya a mwana wawo, ana a mu layini yonse kubwera kudzaonera mpaka kukapatsa masuwiti ndi mikute ya nsima. Koma funsani aliyense amene anakulira ku chigwa akuuzani, pusi wamkazi sataya mwana wake, olo atafa amayenda naye masiku. Kamwana kakafika m'manja mwa munthu dziwani kuti mayi ake anaphedwa, mwina ndi agalu mwina pa msampha wa waya m'munda wa chimanga.

Katakula zinthu zinasintha. Mano akutsogolo aja anatalika, kanayamba kulanda chakudya m'manja mwa ana, kulowa m'khitchini kutaya shuga, ndiye anakamanga tcheni m'chiuno pa mtengo wa mango. Tcheniyo inadya ubweya mpaka panatuluka chilonda, tsiku lonse kumangozungulira mtengo dothi mpaka kuterera. Kenako kanaluma kamtsikana ka pafupi pa mwendo, anthu kuthamangira kuchipatala kukabayitsa majekiseni a chiwewe, makolo ake kukalipa, nkhani mpaka kwa atcheyamani. Galu umapita naye kwa a vetinale amubaye katemera akupatse ndi khadi, nanga pusi wosungidwa mobisa upita naye kwa ndani?

Za ngaka ndiye musayerekeze nkomwe. Kungopezeka nayo, yamoyo kapena mamba ake, makhoti kuno amapereka zaka 5 kundende, ndipo kuyambira pa msonkhano wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakuthengo) wa ku Johannesburg mu 2016 malonda ake pakati pa mayiko analetsedweratu. Anyamata amanamizana kuti kuli ogula a ndalama zambiri, mapeto ake amagwidwa nayo ili mu saka. Komanso imadya nyerere ndi chiswe chabe, pakhomo siingakhalitse.

Ngati muli nako kale kanyama kotere musakamasule kuthengo nokha usiku, kadzabwerera m'nyumba za anthu chifukwa ndi komwe kamadziwa chakudya. Uzani a DNPW. Ku Mfuwe a bungwe la Chipembele akhala akulera nyama zamasiye, ndipo a Zambia Primate Project amatenga apusi ndi anyani ochokera m'makomo, kuwapima matenda, kuwaphatikiza m'magulu kwa miyezi yambiri kenako kukawamasula mu Kafue National Park. Ntchito yake ndi yaitali chifukwa pusi wokulira pa tcheni sadziwa zipatso za m'thengo, olo kuthawa kambuku amachita kuphunzira kwa anzake.