Mudzi wa Olympos wandikumbutsa dimba la amayi ku Dedza

Dzulo magetsi atathima kuno ku Area 25 ndinangokhala pakhonde ndi foni, kabandulo katatsala pang'ono, nde ndinapeza kavidiyo ka mayi wachikulire akutulutsa buledi mu uvuni wapanja, mpango kumutu, nsapato zachikopa zofika m'maondo. Ndimayesa ndi zamakedzana koma ayi ndithu ndi za masiku omwe ano, ku Greece, pa chilumba cha Karpathos chomwe chili pakati pa Crete ndi Rhodes, mudzi wake ndi Olympos. Ndinawerenga za mudziwu mpaka bandulo kutheratu ndipo usiku tulo sitinabwere.

Mudziwu uli kumpoto kwa chilumbacho, pamwamba paphiri, nyumba zothithikana ngati ina yakwera pa inzake. Makolo awo ankakhala kunyanja ku Vroukounta koma achifwamba apanyanja anawasowetsa mtendere, nde anathawira kumapiri, pano papita zaka zoposa 1,000. Ife aku Dedza zothawira kuphirizi si zachilendo, agogo ankatiuza mmene anthu ankakwerera m'mapiri pothawa nkhondo ya Angoni ndi ogula akapolo. Ku Olympos magetsi anafika mu 1980 eti, ndipo msewu usanalambulidwe munthu umatsika boti pa doko la Diafani kenako n'kuyamba chikweza wapansi kapena pa bulu. Tirigu ankagayitsa pa zigayo zoyendera mphepo zomwe zinandandalika pamtunda, zina zilipobe, ndipo chifukwa chokhala kwaokha chonchi Chigiriki chawo chinasunga mawu akalekale omwe kwina anawaiwala.

Koma chomwe chandigwira mtima ndi nkhani ya chuma. Mwambo wawo unali woti mwana wamkazi woyamba, amamutchula kuti kanakara, amatenga dzina la agogo ake akuchikazi komanso chuma chonse cha mayi ake, minda, nyumba, mpaka ndalama zagolide zija amazikoleka m'khosi pa zikondwerero. Mwana wamwamuna woyamba, kanakaris, amatenga za bambo. Enawo bwanji? Palibe. Ang'ono ake a kanakara ambiri ankangokhala osakwatiwa, kumulimira mkulu wawo kuminda ya ku Avlona, kumutungira madzi, kumulerera ana mpaka kukalamba pakhomo pa eni.

Apa mpamene misozi inalengeza, chifukwa ine ndine wachitatu mwa ana aakazi anayi. Amayi atamwalira atsibweni anatiitana tonse mbumba yawo, tinakhala pamphasa kuseri kwa nkhokwe, iwo n'kunena kuti dimba lija la kumtsinje, lomwe amayi ankalimamo kachewere ndi kabichi, silidulidwa, likhala m'manja mwa achemwali aakulu poti ndi omwe ali pamudzi ndi alamu athu akamwini. Ndinangoti "Zikomo atsibweni, tamva," koma mumtima munali moto, dimba limene lija ine ndinathiriramo ndi khasu ndi ndowa kuyambira ndili sitandade 4, ndalama ya kachewere wake ndi imene inandilipirira fizi, nde lero ndikapita ndizichita kupempha ngati mlendo? Patha zaka zitatu ine ndi achemwali tikungopatsana moni wa pamaliro basi.

Sindikunena kuti za ku Olympos zinali zabwino ayi, mtsikana kukalamba akutumikira mkulu wake chifukwa chongobadwa mochedwa ndi nkhanza ndipo palibe angandisinthe maganizo pamenepo. Koma ndaona chomwe ankaopa. Malo awo ndi amiyala, timinda take ndi tamakwerero m'mbali mwa phiri, akanati azigawa kwa mwana aliyense mbadwo uliwonse bwenzi aliyense atatsala ndi kachigamba kosakwana ndi mkeka womwe. Ndi zomwe atsibweni ankanena tsiku lija, dimba lathu silikwana ndi ekala imodzi, kuligawa panayi aliyense akolola chani? Nthawi ija sindinafune kumva.

Osalandira kanthu aja ambiri anachoka, ena ku Rhodes, ena ku Piraeus, ena mpaka ku Baltimore ku America, ngati mmene ife tinadzaziramu mu Lilongwe muno ndi ku Joni. Koma ikafika 15 August, tsiku la chikondwerero cha Mayi Maria ku tchalitchi chachikulu cha m'mudzimo, amabwerera, mudzi wonse n'kudzaza. Azibambo amakhala pa tebulo ndi zoimbira zawo, lyra yomwe imakhala ngati kaligo, laouto yokhala ngati gitala, ndi tsambouna, chitoliro cha thumba la chikopa cha mbuzi, n'kumaimba mantinades, timavesi ta mizere iwiri topeka pompopompo. Amatchulamo amene anamwalira, amene ali kunja sanathe kubwera, ngakhale amene anakhumudwitsana naye, ndipo anthu akuluakulu amalira poyera osachita manyazi. Chimenechi nde ndachisilira, kukhala ndi malo oti chakukhosi uchinene pamaso pa mudzi wonse mwaulemu, mwini wake ali pompo akumva, naye n'kuyankha ndi vesi yake.

Ife pa chiliza cha amayi chaka chatha tinaphika, tinadya, tinajambulitsa, aliyense n'kukwera minibasi yake, za dimba osatchula ngakhale kamodzi.

Mmawa uno magetsi atayaka ndatchaja foni ndagula mayunitsi ndawaimbira achemwali. Anadabwa, anayamba ndi kufunsa ngati kwagwa zovuta. Ndati ayi achemwali ndimangofuna ndimve ngati kachewere mwabzala kale. Akuti mbewu ilipo koma feteleza wavuta chaka chino, thumba lakwera mtengo kwambiri, nde ndawauza kuti Loweruka ndikwera basi ya ku Dedza ndibwera nalo limodzi, andidikire pa siteji ndi njinga.