Nsanza zakale zikalowa mu kompyuta

Mu 1913 katswiri wofukula zakale, Flinders Petrie, anafukula mulu wa nsanza m'manda ena ku Tarkhan ku Egypt, nsanzazo zinangokhala osaziganizira mpakana 1977 pomwe anthu osamala zakale ku London anazitambasula nkupeza kuti mkatimo muli diresi, ya manja ake ndi mapinda omwe. Atayeza anapeza kuti yadutsa zaka 5,000. Kumunsi kwake kunadyeka kalekale.

Masiku ano nsalu zoterezi sazigwiragwira ayi, zimangoyoyoka. Kachidutswa kalikonse amakagoneka pa tebulo nkukajambula ndi kamera kambirimbiri, nyali akuisunthasuntha kuti kuwala kuzibwera cham'mbali, basi ulusi uliwonse umaonekera ndi kamthunzi kake mpaka kuwerenga kuti pa sentimita imodzi pali ulusi ungati, komanso kuti wopotayo ankapotera kumanja kapena kumanzere. Kenako amaunika ndi UV komanso infrared (mitundu ya kuwala komwe maso a munthu saona), utoto woti unasuluka maso sakuuonanso umatulukira. Zidutswa zofanana kapotedwe ndi kawombedwe amazilumikiza pa kompyuta, pobooka amadzaza potengera maluwa a pambali.

Apa ndi pomwe ine ndimakayika. Chitenje cha fakitale, ngati izi timagula mu Limbe, duwa limangobwereza chimodzimodzi ndiye telala aliyense atha kukuuzani kuti pong'ambikapo panali chani. Koma nsalu yowomba pamanja sichoncho, munthu amatopa, ulusi umamuthera nkulumikiza wina wonenepa, mzere umakhota. Kompyuta ikadzaza imadzaza mosalala bwino, dzanja la mwini wake osaonekanso. Bola aja amapaka mtundu wotuwa pomwe angoyerekeza, woona azidziwa kuti apa ndi penipeni, apa taganizira ife.

Ndiye kwathu kuno? Livingstone akukwera Shire mu 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ndi kuwomba okha nsalu zawo. Palinso chiwondo, khungwa la mtengo wa mombo lomwe ankalisula mpaka kufewa, chimenecho chilibe ndi ulusi womwe woti uwerenge, umangoona timizere ta chosulira. Ndikamadutsa pa museum ya pa Chichiri pa minibasi ndimalakalaka zotsala zoterezi, kaya zili mu galasi kaya mu sutikesi ya agogo kumudzi, zitajambulidwa njenjete ndi chinyezi cha dzinja zisanamalize. Poyambira sipafunanso sikana yodula, kamera yabwino, tochi ndi rula pambali pa nsaluyo zikwana.