Kuthokoza onse amene anatithandiza pa sewero la njovu

M'malo mwa gulu lathu la zisudzo kuno ku Kasungu, ndikuthokoza poyera onse amene anatigwira mkono mpaka tamaliza kuonetsa sewero lathu lokamba za njovu ndi minda, lomwe tinayambira mu holo ya pa boma n'kukamalizira m'midzi ya m'malire a Kasungu National Park. Chichokereni mu 2022, pamene njovu 263 zinasamutsidwa ku Liwonde kubwera kuno, mabanja ambiri a m'midzi imeneyi amagona khutu lili kumunda, choncho tinkadziwa kuti oonerera akatitsutsa tikangonamizira.

Kuthokoza kwakukulu kupite kwa inu achimwene athu okonza mawu. Ambiri amayesa kuti ntchito yanu ndi kulumikiza mawaya ndi kukweza masipika basi, ndipo maganizo amenewa ndi amene amapha zisudzo zambiri. Inu munawerenga sewero lonse, munalemba m'mbali mwa tsamba lililonse pamene phokoso liyenera kulowa ndi pamene liyenera kulekeza, ndipo simunajombe tsiku la kukonzekera. Munapita nokha kumudzi usiku kukajambula kulira kwa nkhululu, kuthyoka kwa mapesi a chimanga ndi zitini zimene anthu amaomba pothamangitsa nyama. Munatiphunzitsanso kuti njovu imatulutsa mawu ena otsika kwambiri, osafika 20 Hz pa muyezo wa kutsika ndi kukwera kwa mawu, omwe khutu la munthu silimva, ndipo pofuna kuti anthu amve kulemera kwa nyamayo m'chifuwa, munajambula ng'oma yaikulu, n'kuichedwetsa pa kompyuta, n'kuika sipika yake kumbuyo kwa oonerera kuti njovu iwadzere kumsana. Pa gawo limene mayi apeza munda wake utapululuka munakanitsitsa kuikapo nyimbo yachisoni, ndipo m'mudzi uliwonse anthu pamenepo ankangoti zii, ena akupukuta misozi.

Tsoka linatigwera kutangotsala pang'ono kuti tionetse koyamba, pamene magetsi anazima n'kubwera mwamphamvu, mikisa yathu, chipangizo chosakanizira ndi kulinganizira mawu, n'kupseratu. Enafe tinali titataya kale mtima, koma inu munachezera usiku kukonzanso muyezo wa maikolofoni iliyonse pa mikisa yobwereka imene simunaigwirepo chiyambire. Tikuthokoza abusa ndi akuluampingo amene anatibwereka chipangizocho osafunsa kangachepe, komanso bambo ogulitsa zipangizo za ulimi amene anatipatsa jenereta ndi chingwe chachitali kuti tiziiika patali, isasokoneze mawu a atengambali.

Amayi inu amene munabweretsa mabulangete ndi ziguduli kuti tipachike m'makoma a holo, dziwani kuti popanda inu mawu akanangobwererana pansi pa malata aja ndipo a kumbuyo sakanatolapo kanthu. Anyamata akabaza munanyamula masipika m'misewu yamchenga, ndipo mafumu athu munatipatsa mabwalo n'kuitanitsa anthu anu; Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Achimwene, tikuthokozaninso chifukwa chosabisa luso. Mtsikana amene munamukhazika pambali panu ndi kope m'manja ndiye anayendetsa mawu onse pa chionetsero chomaliza, inu mutangoima kumbuyo kumvetsera. Mikisa yathu idakali kwa okonza ku Lilongwe, ndipo ya mpingo tidzabweza Loweruka likubwerali, gulu lonse lilipo, kuti tikathokoze pamaso.