Phewa la mwana wanga ndi mpira wa Lachitatu

Mwana wanga wachisamba ali ndi zaka 11, ndipo wakhala akusambira m'mipikisano kuyambira ali ndi zaka 8. Chaka chatha aphunzitsi ake anamukweza kupita ku gulu la akuluakulu, lomwe limalowa m'madzi masiku asanu pa sabata. Katatu mwa masiku amenewa timadzuka 5 koloko m'mawa. Amene amadziwa mphepo ya Juni ku Lilongwe akumvetsa zomwe ndikunena: mwana akutuluka m'dziwe milomo ikunjenjemera, m'mbali mwa maso muli mikwingwirima ya magalasi osambirira, tsitsi likununkha mankhwala a m'madzi, ine ndili potero ndi fulasiki ya tiyi ndi mbatata yophika.

Vuto linali Lachitatu masana. Tsiku limenelo kusukulu kwawo amasewera mpira wamanja, ndipo iye ndi wapakati. Aphunzitsi a zosambira anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti, "Bambo, mwanayu ali ndi mphatso, koma asankhe chimodzi. Mapanga awiri avumbwitsa." Ndinavomera tsiku lomwelo osamufunsa mwini wake. M'mutu mwanga munali Kirsty Coventry, katswiri wosambira wa ku Zimbabwe, yemwe anapata mendulo za golide pa Olimpiki ya ku Athens mu 2004 ndi ku Beijing mu 2008.

Patatha miyezi inayi, m'mawa wina ndinamupeza akuvutika kuvala diresi la yunifolomu. Dzanja lamanja silimakwera kupitirira khutu. Anayesa kulowetsa mutu kaye, kenako n'kukankha chigongono ndi dzanja linalo, akulumira mano kuti ndisamve. Nditamufunsa anati, "Adadi, lakhala likuwawa kuyambira kale, koma ndimaopa kuti mundiuza kuti ndikuchita ulesi." Mawu amenewo anandilasa mumtima kuposa phewalo.

Kuchipatala anatiuza kuti minyewa ya m'phewa yatupa chifukwa chobwereza ntchito imodzimodzi, ndipo kuti vutoli n'lofala pakati pa osambira. Nditafika kunyumba ndinatenga cholembera. Pa tsiku amasambira mamita pafupifupi 3,000. M'dziwe la mamita 25, kumeneko n'kuwoloka ka 120. Ulendo uliwonse amapalasa manja pafupifupi ka 20, ndiye kuti ka 2,400 pa tsiku, phewa lililonse ka 1,200. Masiku asanu pa sabata, pa thupi lomwe mafupa ake sanakhwime. Mpira wamanja uja, womwe ndinkauona ngati wongotaya nthawi, ndi umene unkamupatsa kudumpha, kuthamanga, kutembenuka mwadzidzidzi, zinthu zolimbitsa miyendo ndi mafupa zomwe m'madzi sazipeza chifukwa madzi amanyamula thupi.

Sindikufuna kuwanamizira aphunzitsi aja. Mfundo yawo ili ndi maziko. Kusambira kumafuna kuti munthu awazolowere madzi akadali wamng'ono, ndipo akatswiri ambiri amafika pamwamba msanga. Michael Phelps anapita ku Olimpiki ya ku Sydney mu 2000 ali ndi zaka 15. Katie Ledecky anapambana golide pa mamita 800 ku London mu 2012, nayenso ali ndi zaka 15. Koma Ledecky yemweyo ali mwana ankaseweranso basiketibo ndi mpira wamiyendo. Chad le Clos wa ku Durban, amene anagonjetsa Phelps pa mamita 200 a kasambiridwe kotchedwa butterfly ku London komweko, anakula akumenya mpira wamiyendo. Ndipo bungwe la madokotala a ana la ku America, American Academy of Pediatrics, mu 2016 linalangiza kuti mwana asatsekeredwe m'sewero limodzi asanafike zaka 15 kapena 16, azipuma tsiku limodzi kapena awiri pa sabata, komanso miyezi itatu pa chaka, yogawidwa mwezi umodziumodzi. Wanga uja chaka chonse anapuma masabata awiri a Khirisimasi basi.

Chomwe madokotala sakanatha kuyeza ndi ichi: m'madzi mwana amakhala yekha, nkhope pansi, akuyang'ana mzere wakuda wa pansi pa dziwe. Kumpira kuli anzake, kuli kukuwa, kuli kukangana za amene waponda mzere, kuli maloto odzakhala ngati Mwai Kumwenda wa ma Queens. Ndinamulanda zonsezo ndi "inde" mmodzi.

Anakhala milungu isanu ndi umodzi osalowa m'dziwe, akuchita timasewero ta phewa ndi lamba wa mphira womangirira pa chitseko. Atachira ndinabwerera kwa aphunzitsi ake n'kuwauza kuti azibwera masiku atatu, Lachitatu ndi la mpira, ndipo mu Ogasiti sadzaoneka. Sanakondwe, ndipo anamubwezera ku gulu laling'ono. Pa mpikisano wotsatira atsikana awiri omwe ankawasiya kumbuyo anamupitirira, ndipo kunena zoona zinandiwawa, mwinanso kuposa mmene zinamuwawira iye.

Lachitatu lapitali ndinachoka kuntchito msanga kuti ndikamuonere. Bwalo lake ndi lafumbi, mizere anajambula ndi laimu. Anadumphira mpira wam'mwamba, manja onse awiri atatambasuka mpaka kumapeto, n'kuugwira. Pobwerera m'galimoto anandifunsa ngati Loweruka tingapite kudziwe msangamsanga, akuti akufuna akayesenso katembenukidwe kake ka pakhoma anthu asanachuluke.