Ya ku Dubai

Ndine telala. Ndakhala pakhonde la golosale ina ku Zingwangwa kuyambira 2004, ine ndi makina anga a Singer opondera ndi phazi. Mukafunsa amayi a mvano a m'dera lathu kuti yunifolomu anawasokera ndani, akulozerani kwa ine. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwe kuti ndisanatchuke ndinali munthu waulemu wanga.

Wondigwetsa m'dzenje ndi mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu amanyamula mawaya ku wailesi ina ya kanema mumzinda muno, ngakhale pa Facebook analemba kuti ndi producer. Anandipeza Lachiwiri ndikuika zipi pa siketi ya mwana wasukulu.

"Amalume, Loweruka tili ndi pulogalamu ya mafashoni. Akufuna telala weniweni, wakalekale. Ndatchula inu."

Achinyamata simungamvetse chimene chinachitika mumtima mwanga. Ife tinakula kulibe kanema. Nthawi ya Kamuzu kunali wailesi basi, ndipo pamene TVM imatsegulidwa mu 1999 n'kuti ndili kale ndi ndevu. Tinkaunjikana pawindo la aneba, mutu pamwamba pa mutu, ndipo tinkadziwa kuti wooneka m'bokosi limenelo ndi nduna, bishopu, kapena munthu wamkulu amene wamwalira. Lero makanema achuluka ngati matchalitchi. M'mawa mneneri akugwetsa anthu. Masana bambo wa jekete loyera akugulitsa botolo limodzi lochiza shuga, BP, nyamakazi ndi mwamuna wosagona pakhomo. Kenako kwaya ikuvina pa kapinga wa hotela, kutsogolo kwa galimoto yomwe mwini wake sakudziwa kuti ili mu nyimbo. Madzulo sewero la ku India, apongozi akutembenuka katatu ndi mabingu, mkazi wanga n'kumalira ndiwo zikupserera. Zonsezi ndimaziseka. Koma atanditchula ine, ulemu wa 1999 uja unabwerera wonse.

Ndinaimbira amayi ku Thyolo. Amayi anauza amfumu, amfumu anauza mudzi, ndipo mwini golosale wa kumeneko, amene ali ndi TV ya sola, analengeza kuti Loweruka kulowa ndi K200.

Vuto linali chovala. Woumba mbiya amaphikira m'phale: zaka makumi awiri ndikusokera anthu masuti, ine ndilibe. Ndinabwereka ya alamu anga, yomwe anavala pa ukwati wawo mu 2016. Alamuwo m'chiuno ndi 32, ine 38. Tepi sinama, ndipo ndinadziwa. Lachisanu usiku magetsi atazima ndinayatsa kandulo, ndinamasula msoko wakumbuyo mpaka m'mphepete mwenimweni, n'kusokanso. Apa ndiulule tchimo langa. Ulusi wabwino unali utatha, choncho ndinatenga uja wotchipa umene ndimasungira makasitomala okonda kunenerera mtengo.

Ndinalembanso pepala la mfundo. Za kaunjika mmene watiphera ntchito, za nsalu za kwa Whitehead zomwe makolo athu ankazinyadira, za kukwera mtengo kwa ulusi ndi singano. Masamba awiri, kutsogolo ndi kumbuyo.

Situdiyo ija, imene pa kanema imaoneka ngati balaza la bwana wa banki, ndi kachipinda kocheperapo kuyerekeza ndi kitchini ya mpingo wathu. Khoma ndi pulayiwudi. Maluwa ndi apulasitiki. Nthochi zomwe zinali m'mbale nazonso n'zapulasitiki, ndipo musandifunse kuti ndinadziwa bwanji. Mtsikana wina anandipaka pawudala kumaso mpaka ndinaoneka ngati ndachokera kuchigayo, mphwanga uja n'kundimangirira kamaikolofoni pa tayi.

"Amalume, aka kamamva chilichonse. Ngakhale m'mimba mukalira."

Tinadikira maola awiri, chifukwa mlendo wamkulu anali asanafike. Ndinafunsa kuti ndi ndani. Akuti seleb. Amaimba? Ayi. Amachita zisudzo? Ayi. Mpira wa manja? Ayi. Nanga amatani?

"Ali ndi ma followers, amalume."

Analowa ndi anthu atatu: wina wanyamula chikwama, wina akumujambula pa foni, wachitatu akumupepesera mphepo ndi katoni. Nkhope sindinaizindikire msanga chifukwa cha nsidze zofika pachipumi. Koma diresi ndinaidziwa ngati mwana wanga. Yobiriwira, ya maluwa agolide, yong'ambika dala mbali imodzi. Ndinaisoka ine mu Disembala. Mtsikanayu anabwera pakhonde langa kutada, atavala kapu ndi magalasi akuda, nsalu atagula kwa amwenye ku Limbe. Tinagwirizana K45,000, anapereka K20,000, ndipo kuyambira pamenepo foni yake imangoti nambala yomwe mwaimbayi siikupezeka. Atandiona anandiyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mpando.

Anatikhazika pa sofa yakuya ngati chitsime, mawondo anga kufika pachibwano. Nyali zinayaka. Woulutsa, mnyamata woyankhula Chichewa ngati wachibwereka, anatembenukira kwa seleb.

"Tiuzeni, mukadzuka m'mawa, chinthu choyamba mumatani?"

"Ndimathokoza Mulungu ndi ma fans anga."

Funso limeneli linadya mphindi khumi. Tinamva kuti amamwa madzi ofunda a mandimu. Tinamva kuti anthu ansanje ndi amene amamupatsa mphamvu. Tinamva kuti akukonza "chinachake chachikulu" chomwe sangachiulule panopa. Anthu ankaimba foni kuchokera ku Mzuzu ndi ku Mangochi, kuwononga mayunitsi awo, kungofuna kunena kuti asisi mwatchena. Ine ndili phee, pepala langa likunyowa ndi thukuta m'manja, pawudala akutsetsereka kulowa m'kolala.

"Nanga diresi yokongolayi?"

"Iyi? Ndi ya ku Dubai. Kuno simungaipeze."

Ndinatsokomola. Kamaikolofoni kanamva. Woulutsa anandiyang'ana ngati wangokumbukira kuti anasiya poto pamoto.

"Eya, tili ndi madala athu pano, atelala! Madala, tatsala ndi mphindi imodzi. Taimirirani kaye anthu aone mmene mwatchenera."

Mphindi imodzi, masamba awiri. Ndinati ndiimirire msanga kuti nditsale ndi nthawi ya kaunjika. Kutuluka m'sofa imeneyo inali nkhondo, koma ndinatuluka, ndipo msoko unapirira. Ndimaunyadira mpaka lero pa zimenezo. Koma pepala langa linagwa, n'kuulukira kuseri kwa tebulo. Munthu wanzeru akanalisiya. Ine ndinatembenuka, kamera ndinaipatsa msana, ndinawerama.

Phwee!

Ndamva nsalu zambiri zikung'ambika pa moyo wanga, koma iyi inali ndi mawu ake. Inayambira pa lamba n'kutsika mosapupuluma, ngati munthu akuwerenga mayina a opereka chopereka. Ndinamva kamphepo kozizira, koyamba tsiku lonselo.

Tsopano, telala aliyense woona mtima akuuzani kuti zidutswa zotsala sititaya. Zazikulu timasokera mapilo, zapakati timasokera ana, zina timadzisokera tokha zovala zomwe sizionedwa ndi anthu. Kabudula wanga wam'kati tsiku limenelo anali wobiriwira, wa maluwa agolide.

Wojambula uja, Mulungu amukhululukire, ndi mnyamata wodziwa ntchito. Anayandikitsa kamera pa ine, n'kuipititsa pa diresi, n'kuibwezanso pa ine. Duwa ndi duwa, tsamba ndi tsamba. Situdiyo yonse inati zii. Wopepesera mphepo uja anasiya katoni m'malere. Kenako woulutsa anafunsa funso lanzeru lokhalo lomwe ndamumva akufunsa chiyambire:

"Madala, nanunso munapita ku Dubai?"

Ndikanangoseka. Koma munthu amene wang'ambikiridwa buluku pamaso pa dziko lonse alibenso choti ateteze. Ndinaweramuka, manja kumbuyo, n'kunena kuti: "Ayi bwana, ndi ku Limbe. Ndipo asisiwa atsala ndi K25,000."

Anaika malonda a sopo.

Ndinabwerera kunyumba pa kabaza, jekete nditamanga m'chiuno. Ndisanafike pa Kamba n'kuti kavidiyo ka masekondi 14 kali kale m'magulu onse a WhatsApp, kuphatikizapo la madikoni. Pofika Lamulungu achinyamata a pa TikTok anali atakaikira ng'oma, phwee uja akubwerezedwa katatu. Amayi anaimba kuchokera ku Thyolo. Sananene zambiri. Anangoti amfumu apempha kuti ndikapita kumudzi ndidzafike usiku, koma mwini golosale akuthokoza, waonetsa kanayi.

Seleb uja anajambula vidiyo akulira, kunena kuti ansanje amutumizira mdala kuti amugwetse. Ma followers ake anawonjezekera. Ndalama yanga sinabwere.

Pakhonde langa tsopano pamadzaza anthu. Dzina langa lenileni linafa, ndine Madala a Dubai. Amabwera atsikana a ku koleji, makondakitala, ngakhale abusa ena, onse kudzajambulitsa nane. Ena amapempha kuti nditembenuke. Wobweretsa nsalu palibe, poti ndani angapereke suti ya ukwati kwa telala amene msoko wake anaumva Malawi yense? Alamu anga poyamba ankafuna suti yatsopano. Atamva kuti buluku lawo latchuka, anasintha: akuti likhale kwa ine, koma chilichonse chimene lingapeze tizigawana pakati.

Dzulo mphwanga uja anabweranso, ulendo uno atatumidwa ndi abwana ake. Akundifuna Loweruka likubwerali, ndekha, mphindi makumi atatu, galimoto idzanditenga pakhomo. Ndinathamangira m'nyumba kukafuna pepala langa lija la kaunjika.

"Ayi amalume, limenelo lisiyeni. Mafunso alipo kale. Loyamba ndi lakuti mukadzuka m'mawa mumatani. Ndipo akuti mubwere ndi buluku lomwe lija. Musalisoke."

Ndinamuuza kuti ine ndi telala wa zaka makumi awiri, sindingasunge chong'ambika m'nyumba mwanga. Ndinalitenga, ndinaliyala pa makina, ndinalowetsa ulusi wabwino, phazi ndinaika pa chopondera. Mayi a Chisomo anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja, n'kugwira gudumu la makina.

"Abambo a Chisomo, tadikirani kaye. Iwe, akuti apereka zingati?"